Masiku Anayi ndi Diso Lakumanzere

Lolemba, 12 Julayi 2021

Andigoneka pachipatala cha Lundazi, m'wodi ya azimayi, bedi lachitatu, pafupi ndi zenera loyang'ana kugeti. Kabuku aka ndinagulira nyimbo za Umanyano, bungwe la azimayi kutchalitchi, koma Sisita Keziya, nesi wa m'wodi muno, ati ndizilembamo mankhwala amene akundipatsa popeza kulemba ndimadziwa. Ndilemba mankhwalawo, ndi zina zimene sindingauze munthu.

Ndine Faides Chirwa wa kwa Magodi, zaka 52. Matenda a shuga ndakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi. Mu Juni ndinadwala korona. A Mtonga, amuna anga, anandigulira mapiritsi oyera kwa munthu wina pamsika wa pa boma. Anandidzutsa msanga, ndiye sindinawasiye. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo m'chigafa ndikapanda kukhalamo ine, masamba achuku amalowa m'belo limodzi ndi abwino. Ndinamwa masabata atatu.

Kenako tsaya lakumanzere linayamba kuwawa. Ndinati ndi dzino. Anandizula, ululu osatha. Mphuno inatseka, zotuluka zakuda. Koma ine fodya wa mphuno ndinayamba ndili mtsikana, zakuda pakansalu ndaziona moyo wanga wonse. Masabata awiri ndakhala ndikupukuta matenda n'kumati fodya ndapera moipa.

Shuga lero 26. Jekeseni wa insulini, diripi ya madzi.

Lachiwiri, 13 Julayi

Adokotala ndi mtsikana wochepa thupi koma wa manja olimba. Aunika m'mphuno ndi m'kamwa ndi tochi, abaya m'kati ndi kachitsulo, andifunsa ngati ndikumva. Sindinamve kanthu. Ndinasangalala, koma iwo nkhope inagwa. Adula kanyama kakuda apita nako.

Chifukwa cha korona alendo salowa. Wodwala aliyense amaloledwa munthu mmodzi womusamalira. Mwana wanga Watipaso ali ku Kitwe ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Ndiye tangoganizani amene a Mtonga anditumizira. Abigail, mkazi wawo wamng'ono, amene anabwera pakhomo pathu zaka zinayi zapitazo, wamng'ono ngakhale kwa Watipaso.

Walowa ndi ndowa, mphasa ndi kapoto. Wagwada m'mbali mwa bedi.

"Monile amama. Mwatandala uli?"

Ndati ndatandala mmene ukundioneramu. Masiki atseka pakamwa pake koma maso aja ali pamtunda, akuluakulu, oyera. Azimayi a m'wodi afunsa ngati ndi mwana wanga. Ndawasiya aganize choncho.

Chabwino chimodzi chilipo. Kwathu a Mtonga amagona sabata kwanga, sabata kwake. Ino inali sabata yake.

Lachitatu, 14 Julayi

Zotsatira zabwera. Adokotala akhala pabedi langa, andifunsa ngati chuku ndimachidziwa. Ndaseka. Mlimi wa fodya n'kusadziwa chuku? Ati ndi mtundu wa chuku umene wamera m'mphako za kuseri kwa mphuno yanga. Aliyense amachipuma ndi fumbi koma thupi limachigonjetsa. Ine korona inandifooketsa, mapiritsi aja anakweza shuga ndi kugonetsa asilikali a m'thupi, chuku chikapeza poyambira. Chimatseka timitsempha ta magazi, nyama n'kufa, n'chifukwa chake yada ndipo siimva kuwawa. Chikasiyidwa chimapita kudiso, kenako kumutu.

Ndafunsa ngati chimapatsirana. Ati ayi. Abigail anali ataima kumiyendo kwanga, sanasunthe ngakhale asanamve yankho. Ndinaona.

Mankhwala: amfoterisini. Achikasu, a m'diripi, botolo amalikulunga ndi nsalu kuti lisaone dzuwa. Maola anayi. Asanayambe, botolo limodzi la madzi amchere. Fodya wa mphuno andilanda.

Shuga 19.

Lachinayi, 15 Julayi

Mankhwalawa ndi nkhondo. Kunjenjemera mpaka bedi kulira. Kusanza kawiri. Abigail wandifunditsa mabulangete awiri ndi chitenje chake. Chitenjecho sindinachionepo. Chatsopano, chobiriwira. Ndani anamugulira, liti?

Atenga magazi oyeza impso. Shuga 15.

Lachisanu, 16 Julayi

Lero ndili ndi mphamvu pang'ono.

Bedi loyandikana nane muli a Monica a ku Mphamba, anathyoka mwendo atagwa pangolo. Amuna awo amabwera tsiku lililonse pa njinga. Kulowa saloledwa, ndiye amazungulira kuseri n'kuima pazenera. Munthu wadazi, mano atatu okha kutsogolo, koma amaima pamenepo ola lathunthu kufotokoza za nkhuku, za mbuzi imene yaswa, za amene wamenyana ndi mnzake kudibi. A Monica amawakalipira kuti mbatata sanaphike bwino, iwo n'kumangoseka. Ndinatembenukira kukhoma. Munthu kuchitira nsanje mwendo wothyoka, koma abale.

A Mtonga abwera masana. Ndawaona pageti, chipewa chawo chija. Ndinakonza duku, ndinapukuta kumaso, ndinatembenuza tsaya labwino kuzenera. Abigail anatuluka kukalandira ufa ndi nthochi. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Anaima naye mphindi makumi awiri ndi zisanu. Anamuchotsa kanthu paphewa. Kenako anabwera pazenera panga.

"NyaChirwa, muli uli? Mwatupa ndithu. Limbani mtima."

Mphindi zitatu, basi, ati kunyumba kulibe munthu.

Nthochi ndi za mankhwala, adokotala ati zimabwezera mchere umene diripi ikuchotsa m'thupi. Ndadya imodzi. Abigail atasenda yachiwiri ndati ndakhuta.

Loweruka, 17 Julayi

Amfoterisini tsiku lachinayi. Impso zikadali bwino. Shuga 12.

Abigail amandisambitsa m'mawa kuseri kwa nsalu. Manja ake ndi ofewa ndipo satsina. Akanakhala wamwano kapena waulesi bwenzi ndikupuma bwino. Zaka zinayi ndamufunafuna chifukwa, ndapeza chimodzi chokha, chakuti ndiwo amathira mchere wambiri.

Ndamupempha kagalasi kake. Anazengereza. Tsaya latupa, diso lakumanzere latuluka pang'ono ngati la chule. Kuona likuona. Ndamubwezera kagalasi, iye wakabisa pansi pa zovala.

Lolemba, 19 Julayi

Adokotala abwera ndi kalata m'manja. Ati mankhwala okha sangakwanitse, chifukwa kumene nyama yafa magazi safika, ndiye mankhwalanso safika. Pofunika kuchotsa zonse zakufazo, ndipo madokotala a ntchito imeneyo ndi makina ojambula mutu ali ku Lusaka. Ambulansi inyamuka mawa m'mawa kudzera ku Chipata. Malo alipo a ine ndi munthu mmodzi.

Atseka diso langa lamanja, andionetsa zala. Zitatu. Ziwiri. Zonse ndanena bwino.

"Diso ili likadali lanu, amama. Tikafulumira likhoza kutsala. Matendawa amayenda ndi masiku, osati masabata."

Ndafunsa kuti ku Lusaka ndikakhala nthawi yanji. Ati mwezi, mwina iwiri.

Abigail anaimbira a Mtonga, iwo anabwera madzulo pazenera atapanga kale zonse. Iwo sangapite, mabelo alowa pamsika Lachinayi ndipo nambala ya mlimi ili m'dzina lawo. Ndipita ndi Anna, mlongo wawo, amene Lusaka amamudziwa. Abigail abwerere kunyumba, kamwana kake kakutsokomola ndipo mtedza sunasendedwe.

Zonse zomveka. Palibe pamene analakwitsa. Koma ine ndinaona nyumba yanga yotseka miyezi iwiri, udzu ukumera pakhomo, ndi utsi ukutuluka nyumba imodzi yokha. Sabata yake, sabata yake, sabata yakenso. Pobwera ine ndi nkhope yong'ambidwa, a Mtonga adzakhala atazolowera.

Pakamwa panga panatuluka mawu ndisanawaganize bwino.

"Alongo anga a Mapopa amva?"

A Mtonga mwambo akuudziwa. Mkazi wa mwini sumupititsa kutali kukadulidwa abale ake osauzidwa. Akafera komweko, mlandu wake sutha. A Mapopa amakhala kuchigwa, kumene foni imagwira munthu akakwera pachulu.

Lachiwiri, 20 Julayi

Ambulansi yapita ndi mayi wina woyembekezera. Ndaiona ikutuluka pageti.

Adokotala akwiya mwaulemu. Ati thupi ndi langa, dzina losaina ndi langa, boma silifunsa alongo. Ndati inu ndi a sukulu, ife tili ndi mwambo. Sisita Keziya pondibaya insulini ati, "Amama, zengerezu analinda kwawukwawu." Ndati mwambi umenewo ndinaudziwa iwo asanabadwe.

Ndilembe zoona, kabukuka sikauza munthu. A Mapopa ndinakangana nawo pamaliro a amayi, zaka zitatu sitinalankhulane. Akanati pita kapena usapite, kwa ine n'chimodzimodzi. Chimene ndikufuna n'chakuti Lachinayi lidutse, mabelo agulidwe, a Mtonga asowe chonamizira. Apite nane iwowo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndawaphikira. Akakhale pansi m'mbali mwa bedi langa mwezi umodzi, aone.

Amfoterisini tsiku lachisanu ndi chiwiri. Shuga 11. Zala: zitatu, ndanena bwino.

Lachitatu, 21 Julayi

Ndadzuka ndikuona zinthu ziwiriziwiri. Mazenera awiri, a Monica awiri. Abigail awiri, ngati mmodzi sanakwane.

Chikope chakumanzere chikulemera. Adokotala ayendetsa chala uku ndi uku, diso silikutsatira bwino. Zala ndanena ziwiri, zinali zinayi. Ati ambulansi ina ilipo Lachisanu. Sanandikalipire, angondiyang'ana nthawi yaitali.

Mantha ndili nawo. Koma Lachinayi ndi mawa.

Lachinayi, 22 Julayi

A Mtonga anatuma munthu wa njinga yamoto kuchigwa. Masana foni ya Abigail inalira, a Mapopa ali pachulu, mphepo ili phuu.

"Faides, ukudikira chiyani? Ine ndine dokotala? Pita lero lomwe. Ukafuna ndikupeze ku Lusaka ndigulitsa mbuzi."

Mawu awo anali kunjenjemera. Sindinayembekeze zimenezo.

Madzulo a Mtonga abwera kuchokera kumsika. Mabelo sanagulidwe onse. Anayi abwezedwa, ati muli masamba achuku, asankhidwenso abwere sabata yamawa. Ndiye kupita iwo ayi. Anna wakonzeka, Abigail mawa akwere basi ya kwa Magodi akathandize kusankha.

Ndati mawu a pafoni si mwambo, a Mapopa abwere ndione nkhope yawo. A Mtonga anavula chipewa n'kuchivalanso.

"NyaChirwa, kodi mukufuna kufa?"

Ndati funsani amene akufuna nyumba yanga. Ndinanena mokweza, wodi yonse inamva. Abigail anali akutsuka kapu pampopi. Anapitiriza kutsuka.

Chikope chatsekeka. Ndikachikweza ndi chala ndikuona ngati m'madzi a mpunga.

Lachisanu, 23 Julayi, m'mawa

Ndikulemba mwachangu, akukonza ambulansi.

Abigail wandisambitsa monga mwa masiku onse. Atatha sanatsegule nsalu ija. Wakhala pabedi, chinthu chimene sanachitepo, n'kulankhula motsitsa kuti a Monica asamve.

"Amama, a Mapopa si amene mukudikira. Ine ndikudziwa."

Ndati udziwa chiyani iwe mwana wa dzulo.

"Ndikudziwa kuti simufuna ndibwerere kunyumba inu kulibe. Chabwino, sindibwerera. Ndauza a Anna asavutike. Mwana ndatumiza mawu akakhale kwa amayi anga. Adada a Mtonga akakwiya akwiye, fodya asankhe okha. Ku Lusaka ndipita ndine. Mukakhala miyezi iwiri, nanenso miyezi iwiri. Tsopano sainani."

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Kuvulidwa zovala n'kwabwino. Ndimayesa ndabisa pansi penipeni, kani mwanayu amaona zonse kuyambira Lolemba, n'kumanditsukira kapu.

Ndinafuna kukana kuti ndimuonetse kuti walakwa. Koma mtima unali utakhala kale pansi, ndipo ndinadana nawo mtimawo chifukwa chokhala pansi. Ndasaina.

A Mtonga anafika pageti kudzatenga Abigail, apeza katundu wake ali kale m'ambulansi. Zimene akambirana sindinamve. Ndangoona Abigail atagwada, akulankhula, osadzuka mpaka iwo atataya manja.

Lamulungu, 25 Julayi, Lusaka

Msewu wa Chipata unandipweteka mutu pabampu iliyonse. Tinagona ku Chipata, tinafika dzulo. Wodi yaikulu, anthu olankhula zinenero zonse. Andilowetsa mutu m'makina. Madokotala atatu ayang'ana zithunzi, akulozerana.

Tochi m'diso lakumanzere. Sindinaone kuwala. Ndinawapempha ayatsenso. Ati yayaka kale, amama.

Opaleshoni mawa. Osadya kuyambira madzulo ano.

Lachisanu, 30 Julayi

Ndili moyo.

Chubu m'mphuno. Kulankhula sindingathe bwino. Abigail akundipatsa phala lamadzi ndi sirinji.

Amfoterisini ayambiranso. Shuga 9.

Lachiwiri, 3 Ogasiti

Lero ndikhoza kukhala tsonga. Kulemba ndi diso limodzi cholembera chimaphonya mzere, koma ndizolowera.

Achotsa fupa la tsaya, mbali ina ya m'kamwa kumwamba, ndi diso. Ati chuku chinali chitafika kuseri kwa diso, pakhomo penipeni pa ubongo, ndipo akanalisiya bwenzi pano tikunena zina. Ati pambuyo pake adzandipangira chotsekera m'kamwa kuti ndizidya ndi kulankhula. Bandeji sanachotse. Kagalasi sindinapemphe.

Dokotala wamkulu, bambo waimvi, anaima ndi faelo yanga nthawi yaitali akuwerenga kalata ya ku Lundazi.

"Pano alemba kuti pa 19 mumawerenga zala, pa 20 mumawerengabe. Kalata yoyamba inalembedwa pa 19, inu mwafika pa 24. Masiku anayi amenewa munali kuti? Mukanakwera ambulansi yoyamba, ndikukhulupirira diso tikanalisiya."

Sanafunse mwaukali. Amafuna kudziwa chabe, kuti mwina pali chimene chipatala chingakonze. Ine lilime linali lolemera kale ndi ulusi, koma si ulusi umene unanditseka pakamwa.

Abigail anayankha ndiye.

"Kwathu mkazi sapita kukadulidwa alongo ake asanamve, adokotala. Alongo awo amakhala kutali. Tinachedwa ndife a pabanja."

Adokotala anapukusa mutu, analemba kanthu, anapita bedi lina. Abigail anatenga beseni kukataya madzi. Sanandiyang'ane kuti aone ngati ndathokoza.

Nsanje ya nkhope yake ndinaizolowera, ndimadziwa pokhala nayo. Iyi ya lero ndi ina. Mwana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi wandiposa, ndipo palibe amene ndingamudandaulire.

Lachinayi, 5 Ogasiti

A Monica anatumiza uthenga pafoni ya Abigail, atuluka, amuna awo anawatenga pangolo. Watipaso wabereka mwana wamkazi. A Mapopa anagulitsadi mbuzi, afika Loweruka. A Mtonga akuwaimba mlandu wa diso langa, ati akanakhala pafupi zonsezi sizikanachitika. A Mapopa avomera mlanduwo. Ndiyenera kuwauza zoona akabwera. Sindikudziwa ndiyambira pati.

A Mtonga aimba masana. Abigail anandiikira foni kukhutu. Afunsa ngati ndikudya, ndayankha mmene ndingathere. Ati pakhomo pazizira, akudya kwa Anna, nkhuku ziwiri zagwidwa ndi vumbwe. Kenako afunsa kuti adokotala akuti titulutsidwa liti.

Adokotala anena m'mawa. Mankhwala a m'diripi masabata ena asanu ndi limodzi, impso zikalola.

Masabata asanu ndi limodzi, Abigail ali kuno, a Mtonga ali okha kwa Magodi. Ndi zimene ndinkafuna. Ndazipeza zonse, palibe chimene chaperewera.

Atatha kulankhula nane anapempha Abigail. Iye sanatuluke nayo foni panja, analankhulira pomwepo kuti ndimve zonse, za mwana, za mtedza, za mabelo. Mphasa yake anayala kumanzere kwa bedi, chifukwa kumanja kuli chitsulo cha diripi. Ndinamva akuseka pang'ono ndi kanthu kena kamene a Mtonga ananena. Ndinafuna kuona nkhope yake pamene amaseka, koma mbali imeneyo sindionanso, ndipo khosi silinayambe kutembenuka.